Ndolo za Kokonati za a Varkey

"Appacha, vulani zimenezo!"

"Sindivula."

"Ndati vulani! Anthu akuona!"

"Anthu ake ati? Awawa? Andiveka ndi omwewa."

Amenewo ndiwo anali malonje a Shibu kwa bambo ake, amene kwathu kuno timati Appacha, atangotsika ndege kuchokera ku Dubai. Za mwadzuka bwanji panalibe. Anatipeza pakhonde la nyumba yathu ya okalamba kuno ku Pala, mvula ikukhuthuka pamalata, ife tili pa makhadi monga timachitira tikangomwa tiyi wa masana. Ine Sosamma ndinakhala moyang'anizana ndi bambo akewo, a Varkey, chifukwa pa twente-eyiti ndife mbali imodzi. Adani athu anali a Thankappan, amene moyo wawo wonse unathera m'mwamba m'mitengo ya kokonati, ndi a Hamsa, amene ankagulitsa nsomba panjinga mpaka mawondo anawakana.

Tsono a Varkey, munthu amene kale anali ndi minda ya labala phiri lonse, mkulu wa mpingo wopuma, anali atavala ndolo zitatu, ziwiri kumanja, imodzi kumanzere. Ndolo zake ndi tikokonati tating'onoting'ono tija timagwa tisanakhwime, totunga pa kamtengo ka tsache n'kukoleka pakhutu. Ukatchula nambala yako n'kulephera kuikwanitsa, umavala. Kuvula ndi pokhapokha utatchulanso n'kuwina. Lamulo limeneli ngakhale bishopu sangalisinthe.

Mkazi wa Shibu, Jessy, anaima kumbuyo kwa mwamuna wake atagwira pakamwa ngati wafika pamaliro.

"Appacha," anatero Shibu, "mukudziwa kuti chithunzi chanu chazungulira mafoni a abale onse? Mpaka azakhali a ku Canada achiona. Mdzukulu wanu Neethu wapeza banja. Kwawo kwa mnyamatayo ndi madokotala okhaokha, a ku Kottayam, ndipo mwezi uno usanathe akubwera kudzaona agogo a mtsikana. Akadzakupezani mutapachika makokonati m'makutu adzati chiyani?"

"Adzati agogowa anatchula twente alibe jeki."

A Hamsa anaseka mpaka mano awo oikirira anatsala pang'ono kugwera mu tiyi.

"Inu mukuseka, koma ili ndi dzina la banja!" Shibu anatsitsa mawu, koma kutsitsa kwa munthu wozolowera kukalipira antchito, kuja kumamveka mpaka kumsewu. "Komanso taonani anthu amene mwakhala nawo. Uyu si Thankappan ankakwera mitengo yathu uja? Amene amayi ankamupatsira tiyi kuseri kwa khitchini, m'chigoba cha kokonati?"

"Ndine ndemwe, bwana wamng'ono," anayankha a Thankappan, maso ali pa makhadi. "Kuyambira ndili mnyamata ndakhala ndikuthyolera bambo anu makokonati. Ntchitoyo sindinasiye, kungoti masiku ano ndimawafikitsa pakhutu penipeni."

Ine lilime langa silidziwa kukhala pansi. "Mwana wanga," ndinatero, "mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bambo akowa anabwera kuno amayi ako atamwalira, ali ngati nsanza yonyowa. Chinawaimika ndi makhadi amenewa ndi zitsiru zitatu ukuzionazi."

"Azakhali, pepani, nkhani ino ndi ya banja."

"Banja lake liti? Lobwera kamodzi pachaka ndi mafuta onunkhira? Mlendo ndi mame, mwana wanga. Iwe ukakamuka amatsala nawo ndife."

Shibu anatembenuka. Analunjika ku ofesi ya mayi Leela, amene amayang'anira nyumbayi, n'kutseka chitseko.

Pamwamba pa nyumba yathu pali zipinda zimene timazitcha za ana a ku Dubai. Muli makina oziziritsa, kanema wamkulu ngati chitseko, bedi lodzuka lokha ukadina batani, ndi kamera pakona kuti mwana wako azikuona ali kutsidya kwa nyanja. Chakudya amakubweretsera pathireyi, sudyera pamodzi ndi anthu wamba. Mmenemo ndimo Shibu anakalembetsa bambo ake, n'kuika malamulo awiri: asatsike pakhonde, asagwire khadi. Mayi Leela si munthu woipa, koma mpunga umene tonse timadya umagulidwa ndi zipinda za pamwambazo, ndiye mwana wa ku Dubai akayetsemula iwo amakhala atatulutsa kale kampango.

"Kukwera ndikwera," anatero a Varkey akuwagwira mikono pamasitepe, "koma ndolo sindivula. Sindinawine."

Anakweradi nazo zikulendewera. M'mawa mwake namwino anazichotsa powasambitsa, n'kuziponya pawindo. Zinagwera pafupi ndi tebulo lathu, a Thankappan n'kuzitola, kuzipukuta, kuziika m'thumba la malaya.

Masiku oyamba sitinagonje. A Hamsa anali adakali ndi dengu lawo la nsomba, a Thankappan anapota chingwe, ndipo windo la a Varkey linali pamwamba penipeni pa tebulo lathu. Tikagawa makhadi, awo tinkaika m'dengu, iwo n'kukoka. A Hamsa, amene khosi lawo linaphunzira kukuwa nsomba m'misewu, ndiwo ankalengeza zimene zagwa patebulo.

"Achimwene! Pagwa teni wa mitima! Sosamma waponya mfumu!"

"Mfumu? Mkazi ameneyo ali ndi mutu? Tsitsani dengu!"

"Dengu lili kwa inuyo!"

Dzanja limodzi la makhadi linkatitengera kuyambira pa tiyi mpaka dzuwa kupendeka. Jeki wa makasu ananyowa ndi mvula mpaka aliyense ankamudziwa ndi kumbuyo komwe. Makhadi onse anayamba kununkha nsomba youma. Ndipo fungo limenelo ndi limene linatigwetsa, chifukwa tsiku lina, ife tikukangana za amene waonera mnzake, mphaka wa kukhitchini analowa m'dengu n'kudzipinda bwinobwino. A Varkey anakoka.

"Mwandigawira makhadi angati lero? Dengu likulemera!"

"Kokani basi, mwina ndi majeki okhaokha!"

Shibu anali kwa apongozi ake ku Kottayam, akudya mpunga wake mwamtendere. Atatsegula foni kuti aone ngati bambo ake akupuma, anawaona atagwada pabedi, matako kumwamba, akukoka mphaka pawindo ndi chingwe. Madzulo omwewo kalipentala anabwera n'kukhoma windo lija. Anati n'cholinga choti mpweya wozizira usamathawe.

Ife patebulo tinatsala atatu. Tinayesa kuika mnzathu wina wa m'nyumbamu, mayi Kunjamma, pampando wa a Varkey, koma iwowo amagwira makhadi moyang'anitsa kunja, ndipo asanaponye lililonse amayamba apemphera. A Hamsa anasiya kukuwa. A Thankappan ankangokhala, akutembenuza tikokonati tija m'manja mpaka tinayamba kufota.

Patapita sabata ndi kanthu, namwino anandinong'oneza kuti mathireyi akutsika mmene anakwerera, chinangwa ndi nsomba zosakhudzidwa. Apo m'pamene ndinakulunga zitumbuwa za nthochi kumapeto kwa nsalu yanga n'kuyamba ulendo wa masitepe. Mawondo anga ndi masitepe sagwirizana chiyambire, ndiye ndinkakwera ndikutukwana, sitepe iliyonse ndi dzina lake.

Ndinawapeza atafunda bulangeti mpaka m'khosi, ndevu zitamera ngati udzu wa pamanda. Pa kanema mtsikana wina ankagulitsa mapoto osamata.

"Achimwene, muli bwanji?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndinu a Sosamma eti?"

"Ayi, ndine mfumukazi ya ku England. Mwayamba liti kundifunsa dzina?"

"Lero ndi lachingati?"

"Lachinayi."

"Oho. Dzulonso linali lomweli." Anakoka bulangeti. "Muno ndi mwabwino, Sosamma. Mozizira, mwaukhondo, mopanda phokoso. Munthu amangokugoneka n'kutseka chitseko. Ku mochale ndiye kumeneku, kungoti uko sakuikira kanema."

"Idyani chitumbuwa."

"Chimakoma ndi cholanda m'mbale ya Hamsa."

"Ndiye tiyerekeze kuti ndi cha a Hamsa."

Anachigwira, kuchiyang'ana, n'kuchiika pathireyi pafupi ndi mpunga wozizira. "Mtsikana uyu wa mapoto," anatero akuloza kanema, "ndimamupatsa moni m'mawa uliwonse. Sayankha. Ana a masiku ano."

Ndinafuna kuseka koma sizinatheke. Munthu amene ankakumbukira khadi lililonse logwa patebulo, amene ankandikalipira chifukwa cha naini amene ndinataya pa Khirisimasi ya chaka chatha, lero akulonjera mapoto. Potsika ndinakhala pakati pa masitepe n'kulira, ndipo nditamaliza kulira ndinakwiya, mkwiyo womwe unanditsitsa masitepe otsalawo osamva bondo.

Mwayi wake, pansi ndinakumana ndi Shibu akuperekeza dokotala amene anabwera kudzalemba mankhwala obweretsa chilakolako cha chakudya.

"Iwe, bambo ako ukuwapha."

"Azakhali, mawu amenewo ndi aakulu. Chipinda chimenecho ngakhale ine ku Dubai sindigona chotero. Akusowa chiyani? Bedi, kanema, dokotala, zonse ndawapatsa."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wawapatsa zonse n'kuwalanda anthu. Kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Munthu wokalamba sakhala moyo ndi mpunga wokha, amafuna womuputa, womunamiza, womuseka akaluza. Iwe unayamba wakangana ndi bedi?"

"Ndi nkhani ya masabata ochepa. Ukwati ukadutsa tiona."

"Ukwati ukadutsa udzakhala uli mundege, windo lili chikhomere."

"Azakhali, ine bambo anga ndimawadziwa."

"Ndidziwakale anamanga nyumba yopanda khomo."

Anangomwetulira kumwetulira kwa anthu a ndalama, kuja kotanthauza kuti gogoyu achedwa naye ndani, n'kulowa m'galimoto.

Tsiku la alendo linafika Loweruka. Mayi Leela anatiuza kuti ife anthu a pakhonde tikhale chete ndipo makhadi asaoneke. A Varkey anawameta, kuwapaka paudala, kuwaveka mundu, nsalu ija abambo amamanga m'chiuno, woyera wa mkombero wagolide, n'kuwatsitsa anthu awiri kukawakhazika m'chipinda cha alendo. Chipinda chimenecho windo lake limatsegukira pakhonde, ndipo sindinalakwe ine kuti mpando wanga unapezeka uli pansi pake.

Anabwera bambo a mnyamata, mayi ake, ndi azakhali ake, mayi Aleyamma. Banja lililonse lili ndi mayi wotere, amene amamutenga pokaona mtundu wa eni mtsikana, chifukwa amanunkhiza banja mmene a Hamsa ankanunkhizira nsomba padoko. Atamwa madzi, mayiyo anakoka mpando kufupi ndi a Varkey.

"Appacha, tamva mbiri yanu. Akuti labala wa phiri lonse lija munadzala ndinu."

A Varkey anayang'ana khoma.

"Neethu ndi mdzukulu wanu woyamba eti?"

"Neethu wake uti?"

Jessy anaseka kaphwete kopanda mutu. "Amakonda nthabwala apongozi angawa."

A Varkey anatembenukira kwa bambo a mnyamata, dokotala wamkulu wa mitima amene anavala wotchi yolemera kuposa dzanja, n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Mwabwera kudzakonza kanema? Mtsikana wa mapoto uja sakuyankha."

Kenaka mayi Aleyamma ananong'oneza Jessy, kunong'ona kwa anthu osamva bwino, komveka mpaka kukhitchini.

"Matenda oiwalawa, m'banja mwanu ndi ambiri? Bambo awo a agogowa analinso choncho? Tikufunsa chifukwa zinthu zimenezi zimayenda m'magazi. Ife kwathu timaganizira ana odzabadwa."

"Ayi, ayi! Mwezi watha anali bwinobwino!"

"Ndiye n'zothamanga," anatero mayiyo akugwedeza mutu. "Zothamanga ndiye zoopsa."

Mayi Leela, pofuna kupulumutsa zinthu, anatenga alendowo kuti akaone dimba ndi kachalichi kathu, kenaka akamwe tiyi kuholo. Asanakhote n'komwe pakona, Shibu anatulukira pakhonde, malaya atanyowa kukhwapa ngati wagwa mumtsinje. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Azakhali, ndithandizeni."

"Nkhani ya banja imeneyo, mwana wanga."

"Chonde! Ukwati wa mwana wanga ukutha ndikuona. Adzutseni, ngakhale kwa ola limodzi."

"Adzutseni? Ndi wailesi?"

"Chilichonse chimene mumachita chija, chitani. Achimwene a Thankappan, chonde."

A Thankappan anayang'ana kumbuyo kwawo, kuti mwina pali Thankappan wina. "A Hamsa, mwamva? Ndakwezedwa pantchito. Ndine achimwene tsopano."

Tikanatha kumuzunza mpaka madzulo, ndipo mtima wanga unkafunadi kutero, koma amene ankavutika anali mnzathu. Tinawatulutsa a Varkey n'kuwakhazika pampando wawo wakale. Makhadi, amene sankayenera kuoneka, anatuluka m'chiuno mwa a Hamsa. Tinagawa. A Varkey anawagwira mmene munthu amagwirira kapepala ka m'basi, osawatambasula n'komwe. Ndinaponya khadi, a Thankappan anaponya, tonse tinawadikira. Iwo ankayang'ana mvula ikudontha padenga.

"Sizikutheka," anatero Shibu. Kunena zoona, apo ndinamumvera chisoni, chifukwa sanalinso kuyang'ana kumene kunapita alendo, ankayang'ana bambo ake.

Ndiye ndinakumbukira kuti pa zaka zonse ndasewera ndi a Varkey, chimene chimawawiritsa magazi si kuwina ayi. Ndi mnzawo wa mbali imodzi akaponya zopusa.

"Iwe Shibu, twente-eyiti umaidziwa?"

"Ndinkasewerako ku koleji."

"Zakwana. Khala pampando wangawu."

Ndinaimirira n'kukaima kumbuyo kwa a Varkey. A Hamsa anagawanso. Shibu anayang'ana makhadi ake, ndipo poti ndi munthu wosazolowera kutchula nambala yaing'ono pamaso pa anthu osauka, anati, "Twente-foro."

Nsidze ya a Varkey inagwedezeka.

Dzanja loyamba, Shibu anataya teni pachabe. Chala cha a Varkey chinayamba kutambasula makhadi. Lachiwiri, a Thankappan anaponya jeki wa mitima, ndipo Shibu, ali ndi seveni m'manja woti akanataya, anatulutsa naini n'kumuika pamwamba pake mwaulemu ngati chopereka cha Lamulungu.

Tebulo linalira ndi chibakera.

"Chitsiru iwe! Naini amamuponyera pa jeki wa mdani? Ndinagulitsa labala wa zaka zingati kuti upite ku koleji, n'kukaphunzira zimenezi? Hamsa wataya eyiti, ndiye kuti mitima yamuthera! Thankappan watsala ndi mfumukazi! Ngakhale mphaka uja akanadziwa!"

"Appacha..."

"Usandiitane! Neethu ali ndi zaka seveni ndinamuphunzitsa pakhonde la kwathu, tsiku limodzi lokha, ndipo sanaponyepo naini pa jeki! Nzeru zinakudumpha iwe n'kukagwera mwana! Hamsa, mbale imeneyo bweretsa kuno, zitumbuwa zonse udye wekha?"

A Hamsa anakankha mbale akupukuta m'maso ndi phewa. Shibu twente-foro wake sanafike ngakhale theka. A Thankappan anaimirira, napisa dzanja m'thumba la malaya. Tikokonati takale tija anali atataya, ndipo m'mawa umenewo, osauza munthu, anali atatola tatsopano, tonenepa bwino.

"Bwana wamng'ono, weramani pang'ono."

Shibu anayang'ana ine, anayang'ana chitseko cha kuholo, anayang'ana bambo ake amene ankatafuna chitumbuwa uku akumutukwanabe. Anawerama.

Alendo pobwera kuchokera ku tiyi anapeza zinthu zitafika pena. Shibu anali ndi ndolo ziwiri, chifukwa pofuna kuvula yoyamba msangamsanga anatchulanso nambala yaikulu. Jessy anagwira chipupa. Mayi Aleyamma anaima kumbuyo kwa a Hamsa n'kuonerera dzanja lonse, maso akuyenda kuchoka pa nkhalamba kupita pa mwana wake.

"Appacha," anatero pomaliza, "Neethu ndi mdzukulu wanu woyamba?"

"Woyamba, wobadwa mvula ya chaka chimene mtengo wa labala unagwa, dzina la ubatizo Mariam, la malemu mkazi wanga. Mphuno ndi ya amayi ake, mutu ndi wanga. Pepani mayi, sunthani pang'ono, mukundionetsera makhadi a Hamsa m'magalasi anuwo ndipo ine sindikana."

"Nanga poyamba paja munatani?"

"Anandisunga m'firiji. Inuyo akakusungani m'firiji masabata awiri, dzina la mdzukulu mungalikumbuke?"

Mayi Aleyamma anatembenukira kwa mlongo wawo, dokotala wa mitima uja. "Agogowa mutu wawo ndi wakuthwa kuposa wako. M'magazi mulibe kanthu." Kenaka anayang'ana Shibu, tikokonati tikugwedezeka m'masaya mwake. "Amene akundidetsa nkhawa ndi bambo a mtsikanawa. Koma poti mwana wathu akukwatira mtsikana osati bambo ake, tipitirire nazo."

Shibu anadzuka kuti awaperekeze ku galimoto, dzanja likupita kukhutu.

"Khala pansi!" tinakuwa tonse anayi.

"Ndingovula kaye pang'ono, ndiwaperekeze..."

"Wawina?" anafunsa bambo ake. "Ukufuna asewere ako adziwe kuti banja lathu limavula ndolo lisanawine? Dzina la banja, Shibu!"

Anakhala. Alendo anawaperekeza ndi Jessy, amene pochoka sanayang'ane kumbuyo.

Galimoto itapita, mayi Leela anabwera akusisita manja. "Bwana Shibu, nthawi ya mankhwala yakwana. Tiwakweze kuchipinda kwawo?"

A Varkey anasiya kutafuna. Sanapemphe, anangoika makhadi awo pansi mwakachetechete n'kuyamba kufunafuna ndodo yawo ndi dzanja, ngati mwana wa sukulu amene belu lamulirira masewera ali pakati. Ndinali nditakonza kale mawu oti ndimulalatire Shibu, ena mwa iwo osayenera mkazi wa mpingo.

Shibu anayang'ana dzanja la bambo ake likupapasa pansi. Kenaka anatambasula phazi n'kukankhira ndodoyo kutali.

"Tsitsani katundu wawo, mayi. Abwerere kuchipinda chawo chakale, chija amagona ndi a Hamsa."

"Koma bwana, mwalipira kale mpaka..."

"Muikemo mphaka. Appacha, tolani makhadi, ine makutu akuwawa."

"Amalizatu mkonono Hamsa ameneyu," anadandaula a Varkey akutola makhadi mofulumira moti awiri anagwa pansi.

Tiyi wachiwiri anabwera, m'makapu athu a tonse, ndipo Shibu anamwa osafunsa kuti kapu iyi anamwera ndani dzulo. Tsopano anali ataphunzira. Anatchula fotini, nambala yotsikitsitsa, yoti ngakhale mayi Kunjamma amaikwanitsa pemphero likayankhidwa. Mtundu wolamula, uja umadya makhadi ena onse, anasankha makasu. Masewera anayenda bwino, ndipo anangotsala ndi dzanja limodzi kuti awine, avule, azipita.

Ine ndinali chiimire kumbuyo kwa a Varkey, ndiye makhadi awo ndinkawaona. Anali ndi jeki wa makasu, wonyowa ndi mvula uja, khadi loti likagwa patebulo nkhani yatha. A Thankappan anaponya, a Hamsa anaponya, Shibu anayang'ana bambo ake ndi maso a chiyembekezo. A Varkey anakanda pachibwano, anausa moyo, n'kuponya seveni wopanda ntchito.

"Ha! Zagwanso!" anakuwa a Hamsa.

"Wandisokoneza ndi iweyo!" a Varkey anakalipira mwana wawo. "Kaponyedwe kako n'kosokoneza munthu!"

Ndinawatsina paphewa n'kuwerama. "Achimwene," ndinanong'ona, "jeki uja mukumusungira Khirisimasi?"

Anabisa makhadi pachifuwa, osatembenuka.

"Khalani chete, Sosamma," anayankha motsitsa. "Akawina anyamuka. Chimalizireni sukulu mwana ameneyu sanakhalepo nane patebulo mpaka tiyi kuzizira, ndipo ndege yake ndi ya mawa."

Kenaka anakweza mawu kuti khonde lonse limve.

"Thankappan! Khutu la kumanzere lidakali ndi malo. Muveke ina!"